Subaru yomwe siifika pa Songwe

Pa chipata cha Songwe ku Karonga pamadutsa magalimoto ochokera ku Japan omwe atsika sitima pa doko la Dar es Salaam. Ambiri ndi Vitz, Sienta ndi Mira, zoyendera za tsiku ndi tsiku. Koma mwa apo ndi apo pamatulukira Subaru Impreza WRX yabuluu, ya chibowo chopumira pa boneti, kapena Mitsubishi Lancer Evolution. Anyamata a ku Lilongwe ndi Blantyre amaizindikira ndi kulira kwake isanaoneke n'komwe. Magalimoto aliwiro amenewa ndiwo nyambo yomwe akathyali a pa intaneti amakolera nayo anthu.

Ambiri mwa iwo sapangidwanso. Nissan inasiya kupanga Skyline GT-R R34 mu 2002, ndipo Evolution inathera mu 2016. Ku America galimoto yakunja yosagwirizana ndi malamulo akumeneko imaloledwa kulowa ikakwanitsa zaka 25, choncho mu 2024 ma R34 oyamba, a 1999, anatsegukiridwa msika waukulu, mitengo n'kukwera. Munthu amene wakhala akulota galimoto yotere akaiona pa mtengo wotsika, mtima umathamanga, nzeru n'kutsalira.

Kaberedwe kake n'kosavuta. Mbava imatenga zithunzi pa tsamba la kampani yeniyeni, n'kutsegula tsamba lake lokhala ndi dzina losiyana pa chilembo chimodzi chokha. Malonda amaikidwa pa Facebook, zokambirana n'kusamukira pa WhatsApp. Wogula amauzidwa kuti pali wina amene akuifunanso galimotoyo, alipire lero lomwe. Akaunti yolipirira imakhala m'dzina la munthu osati la kampani, nthawi zina kubanki ya dziko lina. Palinso ena omwe amalowa mu imelo ya kampani yoona n'kusintha nambala ya akaunti pa invoisi, moti wogula amalipira wakuba ali mkati mokambirana ndi ogulitsa enieni.

Chomvetsa chisoni ndi kudikira kwake. Sitima yochokera ku Japan imatenga masabata ambiri, ndiye wakubayo ali ndi nthawi yokwanira. Amatumiza chikalata chabodza cha sitima, wogula n'kukhazika mtima pansi. Amaonetsa anzake chithunzi kuntchito, amapeza womuombolera galimoto kudoko, amasunga ndalama ya msonkho wa MRA. Kenako pamabwera uthenga woti pakufunika ndalama ina ya inshulansi, ndipo poti wataya kale zambiri, amatumizanso. Tsiku lina nambala ija imangoti zii.

Kuno kwathu bala lake limakula chifukwa cha kusowa kwa madola. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo wolephera kupeza madola kubanki amakopeka kudzera kwa munthu wapakati amene sapereka lisiti. Lamulo la 2016 lolimbana ndi milandu ya pa intaneti lilipo, apolisi oona za chinyengo aliponso, koma adzagwira bwanji munthu amene dzina lake ndi labodza ndipo ali kutsidya kwa nyanja?

Nthawi zina galimoto imafika ndithu, koma si ija inalonjezedwa. Galimoto yaliwiro kawirikawiri imakhala itazunzika: yathamangitsidwa, turbo yatopa, ina inagundapo n'kuwongoledwa. Maileji amabwezedwa m'mbuyo. Makaniko akamatsegula boneti ku Biwi kapena ku Ndirande, ndalama zapita kalekale.

Komatu umboni umakhalapo, pa mapepala. Galimoto yodutsa ku okushoni ya ku Japan, monga ya USS, imakhala ndi pepala lojambulidwa galimotoyo ngati nkhuku yotambasulidwa. Pomwe palembedwa A pali kukalika, U ndi pobonyoka, XX ndi chitsulo chomwe chinasinthidwa. Pamwamba pali giredi: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, R ndi yomwe inakonzedwa itachita ngozi. Chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo chimaonetsanso maileji omwe analembedwa pomwe boma linkaiyeza. Ndimadabwa kuti munthu amatha usiku wonse akuyang'ana matayala ndi mipando pa zithunzi, koma osafunsa mapepala awiriwa.

Wogulitsa woona sakana kupereka nambala ya chasisi, kapena kujambula vidiyo ya galimotoyo injini ikulira, pambali pali pepala la deti la tsikulo. Bungwe la ogulitsa magalimoto kunja la JUMVEA lili ndi mndandanda wa mamembala ake, ndipo nambala ya foni yoyenera kuimba ndi ya pamenepo, osati ya pa invoisi. Musanapite kubanki, imbani muwerengerane nambala ya akaunti imodziimodzi. Imbani m'mamawa, chifukwa kuno ikamakwana 11 koloko, ku Japan imakhala 6 koloko madzulo, anthu akuweruka.