Kodi Madzi a mu Poto Amapita Kuti?

Aliyense amene anatumidwapo kuyang'anira nyemba pamoto amadziwa kuti madzi amaphwa. Uthira odzaza poto, upita kukasewera pang'ono, pobwera upeza atsala pansi penipeni ndipo nyemba zayamba kupserera. Poto sanabooke, palibenso wamwa. Yankho la funso loti madziwo apita kuti ndilo tsinde la zambiri zimene ophunzira a Sitandade 7, Sitandade 8 ndi Fomu 1 amakumana nazo m'phunziro la sayansi.

Madzi amapangidwa ndi chiyani?

Dontho la madzi limaoneka ngati chinthu chimodzi chosalala, koma ndi khamu la tinthu ting'onoting'ono totchedwa mamolekyu. Molekyu iliyonse ya madzi ili ndi maatomu atatu, awiri a haidirojeni ndi imodzi ya okosijeni, ndipo n'chifukwa chake m'mabuku madzi amalembedwa H₂O. Kuti mulembe chiwerengero cha mamolekyu a m'dontho limodzi lodontha kudenga, muyenera kulemba 1 kenako maziro 21. Kaya madzi aundana mufiriji, kaya akuyenda mumtsinje, kaya athawa mu poto, mamolekyu ake amakhala omwewo. Chimene chimasintha ndi kayendedwe kawo ndi kutalikirana kwawo basi.

Tikudziwa bwanji poti mamolekyu saoneka?

Mu 1827 katswiri wa zomera wa ku Scotland, Robert Brown, ankayang'ana mungu wa maluwa m'madzi pogwiritsa ntchito maikulosikopu. Anaona kuti tizidutswa tochokera mu munguwo sitikhazikika. Tinkanjenjemera n'kumapita uku ndi uku ngakhale madziwo anali bata. Kuti aone ngati zimenezi zimachitika chifukwa choti mungu umachokera ku chamoyo, anayesa fumbi la miyala, ndipo nalonso linkavina chimodzimodzi. Panadutsa zaka 78 kuti Albert Einstein, mu 1905, aonetse ndi masamu kuti tizidutswato timakankhidwa mbali zonse ndi mamolekyu a madzi amene sapuma. Patapita zaka zochepa Jean Perrin wa ku France anatsimikiza zimenezi poyeza. Zili ngati kuona chiwala chakufa chikuyenda pabwalo iwe uli chapatali: nyerere suziona, koma sukayika kuti zilipo.

Kutentha n'chiyani kwenikweni?

Chinthu chikatentha, ndiye kuti mamolekyu ake akuyenda kapena kunjenjemera mofulumira. Chikazizira, achepetsa liwiro. Moto wa pambaula umapatsa mphamvu chitsulo cha poto, chitsulocho n'kupatsira madzi amene akuchikhudza, ndipo mphamvuyi nthawi zonse imachoka kotentha kupita kozizira. Muyezo wa kutentha umene timagwiritsa ntchito uli ndi dzina la Anders Celsius wa ku Sweden, amene anaukonza mu 1742. Iye anaika 0 pamene madzi amawira ndi 100 pamene amaundana, ndipo anthu ena ndi amene anautembenuza pambuyo pake. Lero madzi amaundana pa 0°C, amawira pa 100°C kumalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, ndipo thupi la munthu wosadwala limakhala pafupifupi pa 37°C.

Maonekedwe atatu a madzi

Taganizirani ana a sukulu pa nthawi zitatu za tsiku. Pa asembule aima m'mizere, aliyense pamalo pake, akungogwedezeka pang'ono. Umu ndi mmene mamolekyu amakhalira mu ayisi, n'chifukwa chake ayisi ndi wolimba ndipo amasunga maonekedwe ake. Belu la buleki likalira, anawo amatuluka pakhomo atathithikana, akukhudzana koma akudutsana. Awa ndi madzi amene timamwa, amene amatenga maonekedwe a chilichonse chimene mwawathiramo, chikho kapena ndowa. Akaweruka, aliyense amathamanga njira yake ndipo pakati pawo pamatsala mpata waukulu. Imeneyi ndi nthunzi. Mpatawo si wamasewera: lita imodzi ya madzi ikawira yonse imasanduka nthunzi yodzaza malita pafupifupi 1,700.

N'chifukwa chiyani zovala zimauma madzi ake osawira?

M'madzi, mamolekyu sayenda liwiro limodzi. Pogundanagundana, ena amapeza mphamvu zoposa anzawo, ndipo amene ali pamwamba penipeni amatha kudumpha n'kulowa mumpweya ngakhale madziwo ndi ozizira. Amachoka mmodzimmodzi, mosaoneka, mpaka malaya auma pachingwe. Zinthu zinayi zimafulumizitsa ntchitoyi. Dzuwa limapatsa mamolekyu mphamvu. Mphepo imachotsa mpweya wonyowa umene waunjikana pamwamba pa chinthucho. Mpweya wouma umalandira nthunzi msanga kuposa wa nthawi ya dzinja. Chachinayi ndi kutambasula, ndipo amayi oyanika ufa amachidziwa bwino: sausiya mulu pamkeka, amaufalitsa ndi dzanja n'kumautembenuza kuti wapansi ubwere pamwamba. Asodzi a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota amachita zomwezo ndi usipa pathandala lokwezedwa m'mwamba, kuti mphepo izidutsa pansi ndi pamwamba. Mfutso ndi makaka zimasungika miyezi yambiri chifukwa tizilombo toolesa chakudya sititha kuchulukana popanda madzi.

Chimachitika n'chiyani madzi akamawira?

Tayang'anani mu poto wosavundikira kuyambira pamene mwamutereka. Poyamba m'mbali mwake mumamatirira timathovu ting'onoting'ono. Ambiri amati madzi ayamba kuwira, koma ayi ndithu: umenewo ndi mpweya umene unasungunuka m'madzimo, womwe uja nsomba zimapuma, ndipo kutentha kukuuthamangitsa. Kenako kumamveka kaphokoso kosokosa, chifukwa mathovu a nthunzi akupangika pansi pa poto koma akuphwa akangofika m'madzi ozizirirapo a pamwamba. Madzi onse akatentha mokwanira, phokosolo limasintha, ndipo mathovu akuluakulu amakwera mpaka pamwamba n'kuphulika. Kumeneku ndiye kuwira. Chodabwitsa n'choti kuyambira pamenepo madzi saonjezeranso kutentha ngakhale musonkhezere moto bwanji. Mphamvu yonse yoonjezerayo imathera polekanitsa mamolekyu kuti asanduke nthunzi. Nyemba zimene zikubwata mwamphamvu sizipsa msanga kuposa zimene zikuwira pang'onopang'ono. Zimangophwetsa madzi ndi kutha makala. Chothandiza ndi kuvundikira n'kuchepetsa moto.

Kodi utsi woyera wa pa ketulo ndi nthunzi?

Nthunzi yeniyeni sioneka. Ketulo ikamawira, yang'anitsitsani pakamwa pake, koma chapatali. Pali kampata kakang'ono, mwina kutalika kwa chala chimodzi chopingasa, pamene sipaoneka kanthu, ndipo kamtambo koyera kamayambira patsogolo pake. M'kampata kameneko ndi mmene muli nthunzi. Koyerako ndi timadontho ta madzi timene tapangika nthunzi itakumana ndi mpweya wozizira. Malo osaonekawo ndi amenenso amawotcha koopsa, chifukwa nthunzi ikafika pakhungu n'kusandukanso madzi imatula mphamvu yonse imene inatenga pamoto.

N'chifukwa chiyani nyemba zimachedwa kupsa kumapiri?

Mpweya umalemera. Kumalo otsika, pamalo aakulu ngati chikhadabo cha chala, mpweya umapanikiza ndi mphamvu yofanana ndi kilogalamu imodzi. Sitimva chifukwa matupi athu nawonso amakankha kuchokera mkati. Thovu la nthunzi limapangika pokhapokha likatha kulimbana ndi kupanikiza kumeneku. Munthu akamakwera phiri, mpweya wa pamwamba pake umachepa, choncho madzi amawira asanatenthe kwambiri. Ku Nsanje, kumene kuli kotsika zedi, amawira pafupi ndi 100°C. Ku Lilongwe, pa mamita opitirira pang'ono 1,000, amawira pakati pa 96°C ndi 97°C. Pa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, pa mamita 3,002, amawira pafupifupi pa 90°C. Poto amabwata ndithu, koma chimene chimapsetsa nyemba ndi kutentha, osati mathovu. Poto wotseka zolimba wotchedwa pressure cooker amachita zosiyana ndi phiri: amatsekera nthunzi mkati, kupanikiza kumakwera, madzi n'kufika pafupifupi 120°C, ndipo nyemba zimafewa msanga.

Mtsuko ndi thukuta

Kutenthetsa kilogalamu imodzi ya madzi kuchokera pa 0°C kufika pa 100°C kumafuna mphamvu zokwana ma kilojoule pafupifupi 420. Kuwasandutsa nthunzi madzi omwewo kumafuna pafupifupi 2,260, kuposa kasanu. Mphamvu yochuluka chotereyi iyenera kuchokera penapake, ndipo apa ndi pamene pagona chinsinsi cha mtsuko. Dothi lowotcha lili ndi timabowo tosaoneka. Madzi amatulukira kunja pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mtsuko wabwino umakhala wonyowa ukaukhudza. Madzi akunjawo akamauma amatenga mphamvu kuchokera ku mtsuko ndi ku madzi a mkati, choncho amkatiwo amazizira. Chigubu cha pulasitiki sichingachite zimenezi chifukwa sichitulutsa madzi, ndipo mtsuko wopakidwa penti kunja konse wataya luso lake. Thupi nalo limadziziziritsa motero. Thukuta lokha siliziziritsa, koma kuuma kwake. Mu Okutobala mpweya umakhala wouma ndipo thukuta limachoka msanga. Mu Januwale mpweya umakhala utadzaza kale ndi nthunzi, thukuta limangoyenderera, ndipo munthu amamva chifundizi ngakhale kunja kuli mitambo.

Nthunzi imabwerera bwanji?

Mpweya wofunda umasunga nthunzi yambiri kuposa wozizira. Ukazizira, nthunzi yotsalayo imasandukanso madzi. Madontho a kunsi kwa chivundikiro amabwera motero, chimodzimodzinso a kunja kwa botolo lochokera mufiriji, amene sachokera m'botolomo koma mumpweya wa m'nyumba. Mame amapangika usiku wopanda mitambo, pamene udzu wataya kutentha n'kuziziritsa mpweya wouyandikira. Kumwamba nako n'kozizira: pa mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi pafupifupi 6.5°C. Mpweya wonyowa ukakwera umazizira, nthunzi n'kumamatira pa tifumbi touluka, ndipo timadontho tambirimbiri timeneti ndi mtambo. Nkhungu ndi mtambo womwewo utakhala pansi. Chiperoni, chimene chimadziwika ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndi mpweya wonyowa wochokera ku nyanja ya Indian umene umadutsa Mozambique n'kukakamizika kukwera mapiri. Dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la m'dzikomo.

Nyanja ziwiri

Mitsinje yambiri imathira mu nyanja ya Malawi, koma wotuluka ndi umodzi, Shire. Ngakhale zili choncho, madzi amene nyanjayi imataya chifukwa cha dzuwa ndi mphepo ndi ambiri kuposa amene amatuluka ndi Shire. Nyanjayi siuma chifukwa ndi yakuya, pena mamita pafupifupi 700, ndipo mvula ndi mitsinje zimabwezeretsa. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotuluka. Madzi ake amachoka makamaka ngati nthunzi, ndipo nthunzi sitenga mchere. Mchere wochepa umene mitsinje imakokolola m'nthaka umatsalira chaka ndi chaka, n'chifukwa chake madzi a Chilwa ali ndi kamchere. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanjayi imaphwa ngati poto woiwalika pamoto, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995.

N'chifukwa chiyani ayisi amayandama?

Zinthu zambiri zikalimba zimanyala, koma madzi amafufuma. Akamaundana, mamolekyu ake amagwirana m'mizere yosiya mipata, ndipo amafuna malo ochulukirapo ndi pafupifupi 9 pa 100 alionse. Choncho botolo lagalasi lodzaza mpaka pakamwa limasweka mufiriji, ndipo ayisi, pokhala wopepukirapo kuposa madzi a kukula komweko, amayandama. Kumaiko ozizira nyanja zimaundana pamwamba pokha, nsomba n'kupitiriza moyo pansi pake.

Kuyesa nokha

Sayansi imafuna kuti zimene mwauzidwa muziyese, ndipo lamulo lake lalikulu ndi kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Tengani mbale ziwiri zofanana, muthiremo madzi ofanana, masupuni asanu iliyonse. Imodzi ikani padzuwa, inayo pamthunzi, ndipo lembani nthawi imene iliyonse yauma. Mukagwiritsa ntchito mbale yaikulu padzuwa ndi kapu pamthunzi, simudziwa ngati chaumitsa ndi dzuwa kapena kutambalala kwa mbale. Tsiku lina mangani jumbo yoonekera mkati ku nthambi ya mango ya masamba obiriwira mmawa, ndipo pofika masana mupezamo madontho: mtengo nawonso umatulutsa nthunzi, madzi amene mizu yamwa m'nthaka. Kenako, pali munthu wamkulu pafupi, sungunulani supuni ziwiri za mchere m'madzi pang'ono, muwiritse mu poto wovundikira. Chotsani chivundikiro ndi kansalu, muchitsegulire kumbali yotalikana ndi nkhope, ndipo mudikire chizizire. Lawani dontho limodzi la kunsi kwake. Mupeza kuti lilibe mchere, ndipo madzi akaphwa onse mcherewo muupeza utayera pansi pa poto.