Msitu wa Kumanda, Kumene Nkhwangwa Imachita Manyazi

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kulowera ku Mchinji kapena ku Kasungu m'mwezi wa Okutobala, pamene minda yasosedwa ndipo dziko lonse lili mbee, akaponya maso uku ndi uku amaona timisitu tobiriwira titaima patokha pakati pa mizere youma. Ndipo ngati ali mwana wa dera limenelo safunsa kanthu, pakuti adziwa kuti pamenepo ndi pamanda. Mikuyu, mithethe ndi miwanga, imene m'minda inatha kalekale, ina itapita ku zigafa za fodya, ina kukaotcha njerwa, inanso m'matumba a makala, kumeneko idakalipo, ngakhale kulibe mpanda kapena mlonda wa boma.

Chimene chaisunga mitengoyo ndi mwambo. Kwa Achewa manda salowamo mwachisawawa: adzukulu amanyamula makasu pokhapokha nyakwawa italoleza, ndipo mayi, ngakhale atasowa chophikira ndiwo, sangakatoleko nkhuni, kotero kuti nthambi youma imagona pomwe yagwera kufikira chiswe chitaimaliza. Kumene mfumu ili ndi mzinda, msitu womwewo ndiwo kawirikawiri umakhala dambwe, kochokera zilombo za Gule Wamkulu, ndipo amene sanagule njira amalambalala patali. Za m'katimo n'za eni ake, ife sitiziulula pano.

Mu 2005 akatswiri osonkhanitsidwa ndi bungwe la United Nations anatulutsa lipoti lowerengera zokoma zimene chilengedwe chimachitira anthu, ndipo pambali pa chakudya, madzi ndi nkhuni analembanso zina zosayezeka pa sikelo: malo opembedzera, malo ophunzitsira ana mwambo, ndi malo amene mtundu wa anthu umadzikumbukira kuti ndi yani. M'chaka chomwecho UNESCO inalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Ambiri anakondwera ndi ng'oma ndi fumbi la pabwalo, koma ndi owerengeka amene analingalira kuti gule ameneyu ali ndi kwawo, ndi kuti kwawoko ndi mitengo. Pakuti kasiyamaliro, amene amatuluka usiku kudzaperekeza mzimu wa womwalira, sangachokere pamtetete pamene mwana aliyense wobusa mbuzi aona kuchokera kutsidya. Ndipo msitu ukayera, chinsinsi chimayera nawo, mantha amatha, mwambo n'kusanduka masewera a pa msonkhano wa ndale. Choncho mwambo umatchinjiriza msitu, msitunso umafunditsa mwambo, ndipo amene aganiza kuti angathe kupulumutsa chimodzi n'kutaya chinzake adzinyenga yekha.

Si Achewa okha amene anadziwa zimenezi. Ku Nsanje, pakati pa Amang'anja, kuli nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, mwini mvula, amene mbiri yake inalembedwa ndi wansembe wa Chikatolika Matthew Schoffeleers. M'nkhalangomo salima, sadula mtengo, sadyetsamo ziweto, ndipo wolowamo amavula nsapato. Ndipo Akhristu amene amaipidwa ndi zonsezi, nazitcha zachikunja, achita bwino kukumbukira kuti Abrahamu, pogula munda wa Makipela kwa Efroni ndi masekeli a siliva 400 kuti aikemo Sara mkazi wake, anagula phanga pamodzi ndi mitengo yonse ya m'mundamo, ndipo mlembi wa Genesis sanaiwale kuitchula mitengoyo.

Sindikunena kuti zonse zochitika m'dzina la mwambo n'zolungama, pakuti alipo anyamata obisala kumbuyo kwa gule kuti aopseze apaulendo, ndipo mafumu enieni amadana nazo zimenezo. Ndikungonena kuti wowerengera mtengo ndi matabwa ake okha ali ngati wogula ng'ombe poyang'ana chikopa. Akulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Ndipo m'midzi ina chayamba kale kuphwa, pakuti anthu achuluka, malo oika maliro achepa, ndipo wolima m'malire amadyako mzere umodzi chaka chino, wina chaka chamawa, nyakwawa ili chete chifukwa wolimayo ndi mphwake. Palinso mdani watsopano amene makolo sanamudziwe, ndiye chiliza cha simenti. Ana okhala m'tauni, pofuna kulemekeza kholo lawo, amabwera ndi amisiri, matumba a simenti ndi matailosi. Akaona kuti mizu ya mkuyu ingadzang'ambe chilizacho, kapena kuti nthambi ingadzachigwere nyengo ya mvula, amapita kwa mfumu ndi kangachepe m'manja kukapempha kuti mtengowo udulidwe, ndipo mafumu ena amavomera.