Boti la Banja ku Senga Bay: Ganizirani za Mwera Musanagule

Kumapeto kwa sabata mabanja ambiri amatsika kuchokera ku Lilongwe kubwera ku Salima, n'kupitirira makilomita pafupifupi 20 mpaka ku Senga Bay. Ena mwa iwo tsopano akufuna boti lawolawo la injini, loti azitengera ana ku chilumba cha Namalenje, chimene alendo amachitcha Lizard Island, kapena ku zilumba za Maleri zomwe zili mbali ya Lake Malawi National Park. Wogula wotere kawirikawiri amapeza maboti awiri onga mapasa: onse a fibreglass, otalika mofanana, mtengo wosasiyana kwenikweni. Ambiri amayamba n'kufunsa kuti lothamanga ndi liti. Funso loyenera kuyamba ndi lakuti: mphepo ikautsa nyanja ana ali m'botimo, ndi liti limene liwabweze kumtunda?

Msodzi aliyense wa ku Salima amaudziwa mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa yomwe imaomba mwamphamvu kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Gombe la Senga Bay lidapenya kum'mawa ndipo mafunde amafikapo opanda chowatchinga. Nyanja yomweyi idamiza sitima ya Vipya mu Julayi 1946, anthu 145 n'kutaya miyoyo, ndipo imeneyo inali sitima yachitsulo. Choncho wogula awerame aone kunsi kwa maboti awiriwo, chifukwa kusiyana kwenikweni kuli kumeneko. Boti la kunsi kosongoka ngati chilembo cha V limang'amba funde n'kudutsa. La kunsi kophwatalala limakwera funde n'kudzimenyetsa pamadzi, okwera amagwedezeka msana, madzi amathovukira m'kati. Aonenso kutalika kwa mbali zake, popeza mbali zazifupi zimalowetsa madzi msanga ndiponso sizitchinjiriza mwana wosuzumira nsomba.

Wina anganene kuti lophwatalala lili ndi ubwino wake, ndipo akunena zoona. Silipendekapendeka likaima, limafika pamadzi osaya, limayenda ndi injini yaing'ono ndipo silimwa petulo wambiri, zomwe sizochepa m'dziko limene anthu amagona pamizere ya mafuta. Angaonjeze kuti banja lake lizipita panyanja pokhapokha kukakhala bata. Vuto ndi lakuti munthu amasankha nthawi yonyamukira, koma ya pobwerera imasankhidwa ndi nyanja. Tchuthi chachitali cha sukulu chimayambanso mwera usanathe, ndipo ndi nthawi imene ana amakakamira kwambiri ulendo. Petulo woonjezera amene boti losongoka limamwa ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi zimene limateteza.

Pa injini napo muyeso ndi womwewo. Asodzi a usipa amadalira kwambiri injini za Yamaha zosakaniza petulo ndi oyilo, ndipo amakaniko a m'magombe athu adazizolowera. Injini zamakono za four-stroke sizifuka utsi wambiri, sizisokosa ndipo zimasunga mafuta. Wokhala ndi makaniko wodalirika angathe kutenga yotere. Koma kachitsulo kamodzi kakathyoka n'kufunika kuitanitsa ku Johannesburg, ndalama zakunja zikusowa chonchi, Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, boti limatha kukhala pamchenga miyezi. Injini yabwino pa banja ndi imene zitsulo zake zikupezeka ndipo wokonza ali pafupi.

Musagule boti mutangoliona pa ngolo yake. Pemphani kuti muliyese pamadzi tsiku la mafunde, mutakweza anthu ochuluka ngati a m'banja mwanu. Funsani ku dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi za kalembera ndi chiwerengero cha anthu ololedwa, ndipo muike padera ndalama za majekete oyandamitsa okwana aliyense, a ana akhale a msinkhu wawo. Maboti awiriwo akafanana pa zina zonse, tengani la kunsi kosongoka, la mbali zazitali, la injini yodziwika ku Salima.