KUTSITSIMUTSA MAKOMPYUTA AKALE M'MAOFESI A ALANGIZI A ZAULIMI

Mau Oyamba

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inathetsa chisamaliro chake cha nthawi zonse pa Windows 10, monga momwe inachitira ndi Windows 7 mu Januwale 2020 ndiponso ndi Windows XP mu Epulo 2014. Windows 11, imene inalowa m'malo mwake, imafuna kompyuta yokhala ndi RAM yosachepera 4 GB. Koma makompyuta ochuluka amene anafika m'maofesi a zaulimi kudzera m'mapulojekiti a zaka za m'ma 2000 ali ndi 256 MB, 512 MB, kapena akachulukitsa 1 GB. Ena mwa iwo anavundikiridwa nsalu pakona, ndipo ena akugwirabe ntchito mwapendapenda, atadzala mavairasi.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kompyuta yatsopano imene ofesi inalonjezedwa ingathe kuchedwa zaka, pamene yakaleyo ilipo lero. Nkhani ino ikufotokoza momwe makina otere angabwezeredwe pa ntchito powaikamo pulogalamu yoyendetsera yopepuka. Kuti ndondomeko imveke bwino, chitsanzo chikhala choyerekeza cha mlangizi wa ku Morningside, mumzinda wa Mutare ku Zimbabwe, amene ali ndi kompyuta ya Pentium 4 ya 512 MB, yomwe ikadali ndi Windows XP. Mutare ali pafupi ndi malire a Forbes ndi Machipanda, choncho mavuto amene mlangiziyu angakumane nao potumizirana mafayilo ndi anzake a ku Manica ndi ofanana ndi a alangizi a ku Dedza ndi Angónia, kapena a ku Mchinji ndi Chipata.

Chimene Chili Pachiswe

Chuma chenicheni cha kompyuta yakale ndi zolembedwa zimene zili m'kati mwake: kaundula wa mvula, zokolola za m'minda yachionetsero, zotsatira za kafukufuku wa mbeu, ndi maina a alimi a m'makalabu. M'chigawo cha Manicaland, chimene likulu lake ndi Mutare, muli madera a mitundu yonse isanu imene dziko la Zimbabwe linagawidwa potsata mvula ndi nthaka, kuyambira kumapiri a Nyanga ndi Chimanimani kumene mvula imaposa mamilimita 1,000 pachaka, kufikira kuchigwa cha Save kumene kawirikawiri siifika 500. Mapu a maderawa anajambulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, ndipo m'chaka cha 2020 boma linawakonzanso chifukwa kagwedwe ka mvula kanasintha. Ntchito yotere imadalira manambala a zaka zambiri. Kaundula wa mvula wa zaka makumi awiri akatayika pamodzi ndi kompyuta, palibe ndalama imene ingamugulenso.

Chifukwa Chake Kompyuta Imalemedwa

Kompyuta ili ndi malo awiri osungiramo zinthu. Oyamba ndi hard disk, imene ili ngati nkhokwe: muli malo ambiri, koma kutapamo kumatenga nthawi. Achiwiri ndi RAM, imene ili ngati lichero: chimene chikupetedwa panthawiyo ndicho chimakhalamo, ndipo magetsi akazima zonse zimachoka. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina, imene akatswiri amaitcha operating system, imayamba yatenga gawo lake la licherolo mwini kompyuta asanatsegule ngakhale kalata imodzi. Malo akatha, makina amayamba kubweza zina kunkhokwe ndi kukatapanso zina mobwerezabwereza. Apa mpamene kanyali ka hard disk kamangoyaka kosalekeza ndipo kompyuta imaoneka ngati yauma. Mankhwala ake ndi awiri: kuonjezera RAM ngati ya mtundu woyenera ingapezeke, ndi kuika pulogalamu yoyendetsera imene imadya malo ochepa.

Kugwiritsa ntchito makina ofooka pa ntchito yaikulu si chinthu chachilendo m'chigawo chino. M'chaka cha 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene tsopano chimatchedwa Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab anatenga timakina totsika mtengo totchedwa I-Opener, timene malonda ake anali atalephera ku America, natisandutsa zida zolembera odwala. Tinagwira ntchito chifukwa tinapatsidwa katundu wolingana ndi mphamvu zake.

Kusankha Pulogalamu Yoyenera

Mapulogalamu opepuka ambiri ndi a m'banja la Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba ku Helsinki m'chaka cha 1991. Ndi aulere, ndipo malamulo ake amalola kukopera ndi kugawana. Mlangizi ayenera kudziwa zinthu ziwiri asanasankhe: kuchuluka kwa RAM, ndiponso ngati purosesa ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Makina ambiri opangidwa chaka cha 2005 chisanafike ndi a 32-bit, ndipo osamalira mtundu umenewu akunka nachepa. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaikhazikitsa mu 2004, inausiya kale, ndipo Debian 13 ya mu Ogasiti 2025 ilibenso choikira cha makina otere. Debian 12 ya mu Juni 2023 inali nacho.

Pa makina a 256 MB mpaka 1 GB, antiX ndi yoyenera kuyamba kuiyesa. Inamangidwa pa Debian, ndipo antiX 23 ili ndi mtundu wa 32-bit. Ikangoyaka kumene, nthawi zambiri siidya RAM yoposa 200 MB. Puppy Linux, imene Barry Kauler wa ku Australia anaiyamba mu 2003, imadzikopera mu RAM kuti ithamange, motero imakondwa pa makina a 1 GB kusiyana ndi ochepera apo. Tiny Core Linux ya mu 2009 ndi yaing'ono kwambiri, fayilo yake yosafika 30 MB, ndipo imayaka ngakhale pa makina a 64 MB, koma imabwera yopanda pafupifupi chilichonse, kotero imafuna munthu wozolowera. Kwa mlangizi wa ku Morningside, antiX ya 32-bit ndiyo yomuyenera.

Zoyenera Kuchita Asanayambe

Choyamba ndi chilolezo. Kompyuta ya boma kapena ya pulojekiti ili m'kaundula wa katundu, ndipo kufufuta zimene zili m'menemo popanda kalata ya mkulu wa ofesi kungabweretse mlandu.

Chachiwiri, chimene chili chachikulu koposa zonse, ndi kukopera mafayilo onse m'malo awiri osiyana, monga pa fulashi ndi pa chimbale. Kukopera kokha sikukwanira. Nkofunika kupita ndi fulashiyo pa kompyuta ina ndi kutsegula mafayilo angapo, makamaka akalekale, kuti zitsimikizike kuti akuwerengeka. Asaiwalike makalata a imelo ndi mafayilo amene mapulogalamu ena amasunga m'mafoda awoawo.

Chachitatu ndi kuyendera makinawo. Atazula chingwe cha magetsi, mlangizi atsegule bokosi ndi kuchotsa fumbi pa fani ndi burashi youma. Ayang'ane timigolo ting'onoting'ono toimirira pa bolodi. Ngati tafufuma pamwamba kapena tikutuluka zonga dzimbiri, makinawo ali pafupi kufa ndipo sayenera kutayirapo nthawi. Asinthenso kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kamasunga tsiku ndi nthawi, pakuti tsiku likalakwika masamba ambiri a pa intaneti amakana kutseguka. Pomaliza ayese RAM ndi pulogalamu ya Memtest86+ kwa maola angapo. Mizere yofiira ikaoneka, ndiye kuti RAM ina ndi yoonongeka.

Kaikidwe Kake

Fayilo ya pulogalamuyo itengedwe pa intaneti pogwiritsa ntchito kompyuta ina yabwino, kuchokera pa tsamba la eni ake. Popeza intaneti imadukaduka, ndi bwino kufananiza nambala yotsimikizira ya SHA256 imene eni ake amapereka ndi ya fayilo imene yafika. Kenaka fayiloyo ilembedwe pa fulashi ndi pulogalamu monga Rufus, kapena pa chimbale, pokumbukira kuti CD imalandira 700 MB zokha. Fulashi imodzi ikakonzedwa ingathe kutumikira maofesi onse a m'boma limodzi.

Poyatsa kompyuta, mlangizi adine F2, F10, F12, Esc kapena Del, malingana ndi mtundu wa makina, kuti auze kompyuta iyambire pa fulashi. Makina ena akale sadziwa kuyambira pa fulashi. Pa otere agwiritse ntchito chimbale, kapena kapulogalamu ka Plop Boot Manager kamene kamawatsegulira njirayo.

Ubwino wa antiX ndi Puppy ndi wakuti zimayaka kuchokera pa fulashi popanda kukhudza hard disk. Iyi ndiyo nthawi yoyesa sikirini, kiyibodi, pulinta, ndi foni yolumikizira intaneti kudzera pa chingwe cha USB. Ndiyonso njira yopulumutsira mafayilo pa kompyuta imene Windows yake inakana kale kuyaka. Pulinta ikakana panthawi yoyesa, mlangizi afunefune thandizo asanapitirire, chifukwa ofesi yosatha kusindikiza lipoti siinapindule kanthu.

Zonse zikayenda, ayambe kuika. Choikira chimafunsa za kagawidwe ka hard disk. Nkwanzeru kuigawa patatu: 10 GB mpaka 15 GB za pulogalamu yoyendetsera, 1 GB ya swap, amene ndi malo othandizira RAM ikadzaza, ndipo otsala onse akhale a mafayilo a ofesi. Kugawa motere kumathandiza kuti tsiku lina pulogalamu idzasinthidwe popanda kukhudza zolembedwa. Ntchito imeneyi isayambike pamene magetsi ali pafupi kuzima kapena mphezi zikung'anima. M'chaka cha 2019 madera ambiri a Zimbabwe ankakhala maola ofika 18 patsiku opanda magetsi madzi atachepa ku Kariba, ndipo alangizi a ku Malawi ndi Zambia akulidziwa bwino vutoli. Magetsi akazima pakati pa ntchito, zonse ziyenera kuyambidwanso.

Ntchito Imene Ingathe ndi Imene Siingathe

Pa 512 MB mlangizi angathe kulemba malipoti ndi AbiWord, kusunga manambala a mvula ndi zokolola mu Gnumeric, kuwerenga mabuku a PDF, ndi kuonetsa alimi mavidiyo ang'onoang'ono, monga a bungwe la Access Agriculture amene ena ali m'Chichewa. LibreOffice ndi yolemerapo, koma imatsegula mafayilo akale a Lotus 1-2-3, dBASE ndi WordPerfect amene malo a kafukufuku ankagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1990. Mapulogalamu a DOS, monga MSTAT-C ya ku Michigan State University, angayesedwe kudzera mu DOSBox. Koma mapulogalamu opangidwira Windows sayenda mwachindunji pa Linux. Ngati unduna umafuna kuti malipoti alowetsedwe m'pulogalamu yotere, kompyuta imeneyo isasinthidwe mpaka njira ina itapezeka.

Malire enieni ali pa intaneti. Tsamba limodzi la masiku ano lingathe kudya RAM yoposa imene pulogalamu yonse yoyendetsera ikudya. Google Chrome inasiya Linux ya 32-bit mu 2016, ndipo Firefox inasiya kutulutsa mitundu yake yatsopano ya makina otere kumapeto kwa 2025. Choncho misonkhano ya pa vidiyo ndi ntchito za kubanki zisiyiridwe foni kapena makina atsopano.

Chenjezo kwa Otumizirana Mafayilo Kudutsa Malire

Ku Mozambique nambala imene ku Malawi ndi Zambia imalembedwa 1.5 imalembedwa 1,5, potsata Chipwitikizi. Fayilo ya zokolola yochokera ku Chimoio kapena ku Tete ikatsegulidwa ku Mutare popanda kusamala, manambala angathe kusokonekera kapena kuwerengedwa ngati mau. Maofesi ogwirira ntchito limodzi agwirizane kalembedwe kamodzi, ndipo wolandira ayang'ane mizere ingapo asanaphatikize manambala. Kiyibodi nayo isankhidwe molondola poika, pakuti ya Chipwitikizi imasiyana ndi ya Chingerezi.

Mavairasi a Windows amene amayenda pa mafulashi sagwira ntchito pa Linux, koma kompyuta ya Linux ingathe kuwapatsira ena mosadziwa, monga mbeu yooneka yabwino imanyamula matenda kupita m'munda wina. Mwayi wake ngwakuti mafayilo obisika a mavairasi amaonekera pa Linux ndipo angathe kufufutidwa. Komanso popeza muli maina ndi manambala a ziphaso za alimi, kompyuta ikhale ndi mau achinsinsi.

Mau Otsiriza

Pulogalamu yopepuka siibwezeretsa unyamata wa hard disk imene yazungulira zaka makumi awiri. Tsiku lina idzaima popanda kutsanzika. Motero mlangizi azikopera zolembedwa zake mwezi ndi mwezi, ndipo kope limodzi lizisungidwa kunja kwa ofesi, makamaka nyengo ya mvula isanayambe. Makina amene aferatu asatenthedwe kapena kutayidwa kudzala, chifukwa masikirini akale a chimimba ali ndi mtovu umene umaononga nthaka ndi madzi. Abwezedwe kwa osunga katundu, koma RAM, fani ndi zingwe zake zilembedwe ndi kusungidwa, pakuti makina awiri akufa kawirikawiri amadzutsa achitatu.