Kodi utomoni wa njuchi umachiza shuga?

Aliyense amene anafulapo uchi amaudziwa utomoni woderako, wonunkhira, umene njuchi zimamatira ming'alu ya mng'oma. Zimautola m'mitengo n'kuusakaniza ndi phula. Pabotolo amalemba kuti propolis, ndipo ogulitsa ena amati mukamadontheza m'madzi akumwa tsiku lililonse, matenda a shuga amatheratu. Ine sindiwaseka amene amakhulupirira zimenezi. Munthu amene wamwa mapiritsi zaka zambirimbiri amalakalaka atapuma, komanso nkhaniyi ili ndi pochokera pake.

Tafunani chinangwa chophika kwa nthawi yaitali, mumva chikuyamba kutsekemera. Imeneyo ndi ntchito ya enzaimu ya m'malovu yotchedwa alpha-amylase, imene imaduladula sitachi, ndipo kapamba amatulutsanso yake. Tizidutswato tikafika m'matumbo aang'ono, ina yotchedwa alpha-glucosidase imatisandutsa shuga wolowa m'magazi. Ziwirizi zikafooka, nsima imagayika pang'onopang'ono, shuga sakwera mwadzidzidzi munthu akangosamba m'manja. Mankhwala a acarbose, amene madokotala amalembera odwala ena, amagwira ntchito motero.

Utomoni wa njuchi nawo uli ndi timichere ta m'zomera totha kufooketsa ma enzaimu amenewa. Mu 2004 ofufuza a ku Japan anasonyeza kuti madzi otcheza kuchokera ku propolis wa ku Brazil amachedwetsa enzaimu ya m'matumbo ija, ndipo makoswe amene anamwetsedwa madziwo shuga wawo sanakwere kwambiri. Pamenepa palibe bodza, ndipo n'zopatsa chiyembekezo.

Komatu khoswe si munthu, ndipo kuchedwetsa shuga wa chakudya chimodzi si kuchiza matenda. Vuto la thupi lolephera kupanga kapena kugwiritsa ntchito insulin limakhala lilipobe. Chinanso, utomoni umatengera mtengo. Njuchi za ku Brazil zimatola wobiriwira pa chitsamba cha Baccharis dracunculifolia, za ku Ulaya zimakonda mitengo ya poplar, za m'nkhalango zathu zimatola kwina. Mabotolo awiri a dzina limodzi akhoza kusiyana mphamvu kutalitali, choncho muyezo wake ndi wovuta. Anthu ena umawachititsa ziwengo, makamaka amene thupi lawo limadana ndi zinthu za njuchi.

Ngati mukufuna kuuyesa, yambani mwawauza adokotala anu, chifukwa ukaphatikizana ndi mankhwala ena shuga akhoza kutsika kuposa mmene mumayembekezera. Koma chonde, metformin kapena jakisoni amene anakupatsani kuchipatala musasiye.