Chifukwa Chake Timalira Munthu Wamkulu Akagwa

Wakuba mbuzi akagwidwa pamudzi, ambiri timangoti zamuyenera. Koma akagwa munthu amene tinkamudalira, amene anatiyimirira pa mlandu kwa amfumu, mtima umawawa mwa njira ina. Olemba mabuku anazindikira zimenezi kalekale.

Aristotle, munthu wanzeru wa ku Greece amene anamwalira m'chaka cha 322 Yesu asanabadwe, anafotokoza za ngwazi ya m'masewero achisoni m'buku lake lotchedwa Poetics. Iye anati munthu wotere asakhale wolungama kotheratu, pakuti kugwa kwake kungangotinyansa. Asakhalenso woipitsitsa, pakuti sitingamumvere chisoni. Akhale wolemekezeka koma wofanana nafe, wogwa chifukwa cha cholakwa chake. Cholakwacho anachitcha hamartia. Ophunzira Baibulo aliwadziwa mawuwa: Chipangano Chatsopano, chimene chinalembedwa m'Chigiriki, chimatchula tchimo ndi mawu omwewo, ngakhale Aristotle ankanena makamaka za kuphonya poweruza zinthu.

Chitsanzo chimene ankachikonda ndi Oedipus, m'sewero la Sophocles. Mfumu ya ku Thebes imeneyi inalumbira kuti ipeza amene anapha mfumu yakale, kuti mliri uleke mumzinda. Itafufuza mwakhama, inapeza kuti wakuphayo ndi iyo yomwe, kuti wophedwayo anali bambo ake, ndipo mkazi amene inakwatira anali mayi ake. Inadziboola maso.

Koma ife tili ndi wina amene timamudziwa bwino: Sauli mwana wa Kisi. Anachoka kwawo kukafuna abulu otayika a bambo ake, nabwerera atadzozedwa ufumu. Anali wamtali kuposa anthu onse, komabe pa tsiku lomuonetsa kwa anthu anakabisala pakati pa akatundu. Pa Giligala anadikira Samueli masiku 7, Afilisti ali pafupi, asilikali ake akubalalika. Tanenani zoona, ndani wa ife akanapirira? Anapereka nsembe yekha, ndipo atangomaliza, Samueli anatulukira. Pa nkhondo ya Aamaleki anasiya Agagi wamoyo pamodzi ndi ziweto zonona, kenaka anavomera yekha kuti anaopa anthu.

Ine ndimaona kuti apa ndiye pagona nkhani. Mtima womwewo wodzichepetsa, umene unamukongoletsa ali mnyamata, unasanduka mantha a zonena za anthu, ndipo mantha anabala nsanje pa Davide. Aristotle anati nkhani zotere zimadzutsa zinthu ziwiri: chisoni, poona munthu akuvutika koposa muyeso, ndi mantha, podziwa kuti wagwayo ali ngati ife.

Sauli anafera pa phiri la Giliboa, atagwera lupanga lake, ana ake atatu ataphedwa tsiku lomwelo. Afilisti anapachika mtembo wake pa linga la Betisani. Koma amuna a ku Yabesi Gileadi, mudzi umene Sauli anaupulumutsa kwa Aamoni atangoyamba ufumu, anayenda usiku wonse kukautenga. Ndipo Davide, amene Sauli anamusaka ngati nyama m'chipululu, atamva uthengawo anang'amba zovala zake, nalira, nasala kudya mpaka madzulo.