Nyumba ya Anthu a Phula ku London

Mumzinda wa London, mumsewu wotchedwa Marylebone Road, muli nyumba ina imene pakhomo pake pamandanda anthu kuyambira m'mawa. Dzina lake ndi Madame Tussauds. M'katimo muli mafumu, atsogoleri a mayiko, oimba ndi akatswiri a mpira, onse ali chiimire, osaphethira. Onsewo ndi zifanizo zoumbidwa ndi phula, zamsinkhu wa eni ake, zovekedwa zovala zenizeni. Koma pakhomopo salowa ulere, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Mlendo wa m'thumba mopepuka ayenera kuyamba wadziwa chimene ndalama yakeyo ikukagula.

Mwini dzinali, Marie Grosholtz, adabadwira ku Strasbourg m'dziko la France m'chaka cha 1761. Mayi ake ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa dokotala wina, Philippe Curtius, amene anali mmisiri woumba ndi phula, ndipo ndiye adaphunzitsa mtsikanayu lusolo. M'chaka cha 1777 Marie adaumba chifanizo cha Voltaire, mlembi wotchuka. Chipwirikiti chogwetsa ufumu wa France chitabuka mu 1789, anthu ambiri adadulidwa mitu, ndipo monga adasimbira iye mwini, adapatsidwa ntchito yoopsa yotenga zikombole pankhope za ophedwawo.

Adakwatiwa ndi François Tussaud mu 1795, ndipo mu 1802 adaolokera ku Britain ndi mwana wake wamng'ono pamodzi ndi mabokosi a zifanizo. Nkhondo idamtsekera njira yobwerera kwawo. Kwa zaka 33 adayendayenda m'mizinda ya England, Scotland ndi Ireland, kuonetsa zifanizozo kwa aliyense wolipira pakhomo, kufikira adakhazikika mumsewu wa Baker Street mu 1835. Adamwalira mu 1850, ndipo adzukulu ake adasamutsira chionetserochi ku Marylebone Road mu 1884. Moto wa mu 1925 ndi bomba la mu 1940 zidaononga zambiri, koma zikombole zina zakale zidapulumuka.

Chifanizo chimodzi chimadya miyezi ingapo. Amisiri amayamba ayeza munthuyo, mutu ndi thupi lomwe, miyeso yoposa 200, namujambula mbali zonse. Kenaka amaumba mutu ndi dongo, n'kupanga chikombole, n'kuthiramo phula losungunula. Likauma amaikamo maso ndi mano, nabzala tsitsi lenileni limodzilimodzi, ntchito ya masabata angapo. Khungu amalipaka utoto pang'onopang'ono mpaka timitsempha ndi timadontho tioneke. Luso limeneli ndi mbiri ija ndizo zimene mlendo amalipirira. Wongothamangira kujambulitsa ndi anthu otchuka amatuluka ataona theka chabe la zimene wagula.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Wofunsa amadziwa kuti tikiti yogula pa intaneti masiku akadalipo ndi yotsikirako mtengo kusiyana ndi yogula pakhomo, ndi kuti amasankhiratu nthawi yolowera. Amadziwanso kuti Loweruka, Lamulungu ndi nyengo ya tchuthi cha sukulu anthu amathithikana, kotero kuti m'mawa wa pakati pa sabata ndiye wabwino kwa wofuna kuyang'anitsitsa modekha. Sitima ya pansi pa nthaka imaima pafupi, pa siteshoni ya Baker Street, koma basi ndiyo yotsika mtengo. Achenjere pokha kuti kuyambira mu 2014 mabasi a mu London salandira ndalama pamanja. Amalipira ndi khadi la Oyster kapena la kubanki.

Ndalama zina zimathera m'kati. Muli zithunzi zogulitsa ndi sitolo ya timphatso, pamene lamya ya m'manja ikadakwanira kusunga chikumbutso. Wanzeru amanyamula kamba wake n'kukadyera mu Regent's Park, paki yaikulu imene ili chapafupi, yolowa ulere. Ndipo popeza British Museum, National Gallery ndi National Portrait Gallery salipiritsa polowa, mlendo angathe kulipira khomo limodzi lokhali, masiku enawo n'kuona chuma cha mzindawo osatulutsa kanthu. Amene thumba lake silingalole konse asadandaule: nkhope za anthu otchuka a dzikolo, zojambula ndi zosema, zadzaza mu National Portrait Gallery.

Koma amene walipira n'kulowa asatuluke asadafunefune chifanizo cha gogo wamfupi, wa magalasi ndi zovala zakuda. Ameneyo ndi Marie Tussaud mwiniwake, monga adadziumbira mu 1842, ali ndi zaka 81. Mwa onse oima m'nyumbamo, iye ndiye adadziwa bwino kuyenda m'dziko la eni ndi mabokosi pangolo, akuwerengera ndalama iliyonse yolowa pakhomo.